Kusesa pakhonde sikusesa kuchipinda

Mwezi wathawu ndinagula kompyuta ya m'manja yakaunjika kwa mnyamata wina mu mzinda wa Blantyre. Iye anachita kulumbira kuti waipukuta yonse. Koma nditafika kunyumba n'kutsegula Chrome, ndinagwira pakamwa. Mapasiwedi a mwini wake wakale anali momwemo: la imelo, la Facebook, ngakhalenso la kubanki. Ndikanakhala munthu wa zala zazitali, bwenzi bambo ameneyo akulira lero.

Mnyamatayo sikuti ananama dala ayi. Anadina pamene alemba kuti Reset settings, iye n'kumati basi zatheka. Apa ndi pamene ambirife tikupusa.

Kodi pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti imasunga chiyani? Kaya ndi Chrome, Firefox kapena Edge, iliyonse ili ndi kachikwama ka mwini wake kotchedwa profile. M'menemo mumakhala mndandanda wa masamba onse amene mwayendamo, mapasiwedi, maadiresi, ndi tizidindo totchedwa cookies. Tizidindoti anatiyambitsa Lou Montulli wa kampani ya Netscape m'chaka cha 1994, kuti tsamba lizimukumbukira mlendo wake akabweranso. Ndiye mwatsoka, tsambalo limakumbukira chidindo, osati nkhope. Aliyense wokhala pampando wanu limamuyesa inu.

Tsono batani lija la Reset settings ntchito yake ndi kuchiza pulogalamu ikayamba misala, monga kuchedwa kapena kutulutsa malonda osawafuna. Limazimitsa tizowonjezera ndi kuchotsa cookies, koma mapasiwedi ndi mbiri ya maulendo anu silikhudza. Nayo Firefox ili ndi lake lotchedwa Refresh Firefox. Limeneli limasunga mapasiwedi, kenaka n'kuika zakale zija m'foda ya Old Firefox Data poonekera penipeni. Kumeneko ndi kusesa pakhonde, kuchipinda zinyalala zili mbwee.

Ena ati lamulo lilipo, nanga tivutikirenji? Zoonadi, kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Ndi chinthu chabwino zedi, ndipo aphungu athu ndiwayamike. Komatu lamuloli likulimbana ndi makampani ndi maofesi osunga mbiri za anthu. Silingabwere kudzakudzutsani pamene mwasiya imelo yanu ili chitsegulire pa kompyuta ya kuntchito, kapena pamalo aja timalipira kuti tisindikize kalata yofunsira ntchito.

Makampani akuluakuluwo nawonso tisawadalire kwambiri. Mu 2020 Google inalengeza kuti ithetsa mu Chrome ma cookies aja amene otsatsa malonda amatilondola nawo. Pofika 2024 inabweza mawu. Chaka chomwecho inavomera kufufuta mulu wa zimene inatolera kwa anthu ogwiritsa ntchito Incognito, atayitengera kukhoti ku America. Eti anthu ankayesa abisala, chonsecho akuonekera ng'amba.

Nanga tichitenji abale anzanga? Choyamba, ngati mukugulitsa kompyuta kapena kuibweza kwa abwana, sungani kaye mapasiwedi anu pabwino, chifukwa profile ikachotsedwa sibwereranso. Ndikudziwa anthu amene anataya imelo ya zaka khumi chifukwa cha phuma. Chachiwiri, tulukani mu akaunti yanu, kenaka chotsani profile yonseyo, osangoti kuikonza. Ndipo kunena zoona, wogulitsa kompyuta ayenera kupukuta makina onse kuti abwerere mmene anachokera ku fakitale. Chachitatu, dziwani kuti zimene zinatumizidwa kale ku akaunti yanu ya Google zimatsala komweko. Muyenera kulowa n'kukazifufuta padera.

Kwa inu eni malo a intaneti ndi mabwana a m'maofesi, pempho langa ndi lakuti kasitomala kapena wantchito akachoka, zake zichoke naye. Chrome ili ndi khomo la alendo, la Guest, limene limaiwala zonse munthu akatseka. Sililira ndalama ngakhale tambala imodzi.

Za bambo uja, ndinafufuta zonse osawerenga kalata yake ngakhale imodzi. Koma sionse ogula kaunjika amene angatero. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.