Fungo la kumusi si umboni wa chiwerewere



Lero ndinena zomwe timangonong'onezana. Chikazi chikamatuluka chotuwa, chonunkha ngati nsomba, ambiri timathamangira sopo ndi zitsamba poopa kuti abambo akunyumba atiyesa oyendayenda. Madokotala amati bacterial vaginosis: tizilombo tabwino toteteza kumusi tachepa, tina tachuluka. Kutsuka mkati ndi sopo kumangowonjezera vutolo.

Kwathu timadziwa mapiritsi a Flagyl, owawa aja odana ndi mowa. Kuno, ku Sandyford kapena kwa GP, kulinso metronidazole wa jelo, woika ndi kachubu pogona kwa masiku 5, ndipo mankhwala olembedwa ndi dokotala ndi aulere mu Scotland kuyambira 2011. Kwa ine jeloyu ndiye wabwino, amafika pomwe pali vuto osavutitsa m'mimba. Kungoti amachucha, n'chifukwa chake akatswiri akuyesa jelo womata, wokhalitsa mkati.

Chowawa n'choti matendawa amabwerera. Kafukufuku wa ku Melbourne wa mu 2025 adapeza kuti mwamuna akalandira nawo mankhwala, amabwerera mwa amayi 35 pa 100 alionse m'malo mwa 63. Tsono alamu, akakuitanani kuchipatala, pitani.