Tsukitsani chithunzicho ana asanabalalike

Pali kakhalidwe kena kamene kandikwana, ndipo ndikudziwa kuti nanunso mwakaona. Banja likasonkhana, kaya ndi pachinkhoswe, pa Khirisimasi kapena pomanga chiliza, sipalephera kupezeka wachinyamata wa foni yonyezimira amene amatiunjika tonse pansi pa mtengo wa mango. "Agogo, khalani apa. Malume, tasunthirani kuno. Anawo agwade kutsogoloko." Amajambula kangapo, n'kuonetsa awiri atatu amene ali naye pafupi, kenako amvekere: "Ndikutumizirani pa WhatsApp." Nkhani yathera pomwepo. Agogo aja anavutika kumanga duku latsopano ndi kutulutsa chitenje chimene chimakhala pansi penipeni pa sutikesi, koma foni yawo ndi ya mabatani, yongoyankhirapo ndi kulandirirapo ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money. Muwatumizira pati? Chithunzi chimakwera basi limodzi ndi mwini foni kubwerera ku Lilongwe, ndipo nkhalamba imene inabereka mtundu wonsewo sichionanso.

Tsogolo la chithunzi cha m'foni tonse timalidziwa. Chimakhala pa sitetasi maola 24, anthu n'kuikapo timitima, mawa lake chazimiririka. Pakapita miyezi ingapo memori yadzaza, mwini wake akufuna malo oikamo nyimbo ndi mavidiyo, ndiye amafufuta zakale osayang'ana n'komwe. Ikapulumuka pamenepo, foniyo imasoloka m'thumba pa depoti, kapena imagwera m'ndowa, kapena imapita kwa okonza amene amaifufutiratu kuti iyakenso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Chithunzi cha m'foni ndi fodya wapachala. Chimakhala chako chikatsukidwa, chikalowa mu fulemu ndi kupachikidwa pakhoma pabalaza.

Amene tinakula foni zisanabwere tikukumbukira wojambula woyendayenda, wa njinga yake ndi kamera yolendewera pakhosi. Akalowa m'mudzi kapena mu lokeshoni, uthenga unkathamanga kuposa njingayo. Ana ankasambitsidwa masana dzuwa likuswa mtengo, n'kudzozedwa Vaseline mpaka zipumi kuwala. Nsapato zinkabwerekedwa kwa aneba. Bambo ankavala jekete ngakhale kukutentha, ena n'kunyamula wayilesi kuti nayonso ioneke. Filimu inkakhala ya zithunzi 24 kapena 36, choncho panalibe zobwerezabwereza: ukaphethira, waphethira mpaka kalekale. Unkapereka ndalama ina lero, n'kudikira kuti filimu ithe, ipite kutauni ikatsukidwe, ndipo tsiku limene wojambula ankabwera ndi envelopu, nyumba yonse inkasiya ntchito. Chinthu chovutikira chonchi sichinkatayidwa wamba. Chinkalowa mu alubamu, ndipo alubamuyo inali ndi ntchito yake. Mlendo akafika, nsima ikadali pamoto, ankapatsidwa alubamu, mwana wam'nyumbamo n'kukhala pambali pake kumamulozera: awa ndi azakhali a ku Ndola, awa ndi achimwene ali Fomu 2, uyu ndine ndisanamere mano. Mwana ankaloweza mtundu wake mwa njira imeneyo, osadziwa kuti akuphunzira kanthu. Lero mlendo timamuyatsira TV.

Makolo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ankadziwa bwino mtengo wa kapepala kameneka. Munthu akalandira malipiro oyamba ankafunafuna situdiyo, n'kujambulitsa atavala suti ndi chipewa, chithunzicho n'kuchitumiza kumudzi kuti mkazi ndi ana adziwe kuti ali moyo. M'nyumba zambiri, ana ankadziwa nkhope ya bambo wawo chifukwa cha chithunzi chimenecho. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'chaka cha 1974 n'kupha Amalawi ambiri obwerera kwawo, mabanja amene anali ndi chithunzi chotere anatsalako ndi nkhope yoonetsa ana. Ndipo ngati mukufuna umboni woposa apa, pisani m'thumba muone K500 kapena K2,000. Nkhope ya John Chilembwe tikuidziwa chifukwa munthuyo ankajambulitsa. Pali chithunzi chake chotchuka ali ndi mkazi wake Ida ndi mwana wawo, onse atavala mwaulemu, banja litakhala pamodzi. Mungo Chisuse, Mmalawi amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku ku mishoni ya Blantyre, anali kale ndi kamera masiku amenewo, ndipo zina mwa zithunzi za Chilembwe anatola ndi iyeyo. M'chaka cha 1915 atsamunda anagumula tchalitchi cha ku Mbombwe, mwini wake n'kumuika m'manda mobisa, koma zithunzi zinatsala. Ngati banja la ku Chiradzulu linakwanitsa zimenezi zaka zoposa 100 zapitazo, ife a makamera m'thumba tikulephera chiyani?

Chimene makolo ambiri sawerengera n'chakuti nyengo imene ana onse amagona pansi pa denga limodzi ndi yaifupi kwambiri. Tawerengani nokha. Banja la ana asanu, wachisamba akamasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, kaya ku Dedza, ku Likuni kapena ku Stella Maris, amakhala ndi zaka 13 kapena 14, pamene chitsirizira mwina angosiya kumene kuyamwa. Kuyambira tsiku limenelo wachisamba ndi mlendo wa pa holide. Akalemba MSCE, uyo ku koleji, uyo kwa malume ake ku Blantyre kukasaka ntchito. Wachiwiri akwera basi yodutsa pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge, akuti akabwera chaka chamawa, koma mapepala ake osalongosoka amamumanga miyendo zaka zisanu. Wachitatu wakwatira, wapita kuchikamwini. Wachinayi ndi namwino ku Britain. Kuyambira 2023 tayambanso kuperekeza ana athu opita ku minda ya ku Israel. Palibe choipa pamenepa, mwana amaleredwa kuti adzachoke. Koma kholo limaganiza kuti mawa tidzasonkhananso, pamene nthawi yotsatira imene onse asanu adzaime pabwalo limodzi ndi pamaliro, mmodzi wa makolowo atagona m'bokosi.

Apa ndiye pagona dandaulo langa lakale. Ife timalemekeza nkhope ya munthu akamwalira. Uthenga wamaliro ukangomveka, m'pamene achibale amayamba kuimbirana: "Kodi alipo ali ndi chithunzi cha mayi?" Amasanthula masutikesi, amafunsa ku Joni, amafunsa kumpingo. Pamapeto pake amatenga chiphaso cha unzika, chija tinajambulitsa m'chaka cha 2017 a National Registration Bureau akulemba anthu m'dziko lonse, n'kuchikulitsa mpaka nkhope kuchita mbuu. Ena amadula mutu wa malemu pa chithunzi cha ukwati wa munthu wina, phewa la mnzawo likuonekera pambali. Ndiye chimenecho n'chimene chimasindikizidwa pa pulogalamu ya maliro, pa malaya ndi pa nsalu, ndalama zake zochuluka kuposa zimene zikanalowa pojambulitsa banja lonse chaka ndi chaka kwa zaka khumi. Mayi amene analera ana asanu ndi zidzukulu zosawerengeka akukumbukiridwa ndi nkhope ya pamzere wa kalembera, atatopa ndi dzuwa, atauzidwa kuti asamwetulire. Zimandipweteka ndithu. Tili ndi ndalama ya wojambula vidiyo pamanda, koma tinalibe ya chithunzi chimodzi munthuyo akuseka pakhonde pake.

Tayang'ananinso makoma athu. Pali kalendala ya sitolo ya zipangizo zomangira, ya chaka chathachi, yosachotsedwa chifukwa ili ndi maluwa okongola. Pali osewera a Bullets kapena Wanderers, pali Arsenal yathunthu ndi mphunzitsi wake. Pali nkhope ya wandale amene anatipatsa nsalu nthawi ya kampeni. Nthawi ya Kamuzu tinazolowera kuti chithunzi cha mtsogoleri chikhale pamwamba m'sitolo ndi mu ofesi iliyonse, ndipo mwambo wopachika atsogoleri udakalipo. Sindikulimbana nawo. Koma pabalaza panu si pa ofesi ya boma. Mwana akamakula akuona pakhoma nkhope za alendo zokhazokha, ya mayi ake palibe, ya iye mwini palibe, mukumuuza chiyani za malo ake m'nyumbamo?

Chithunzi cha banja chimanena poyera kuti wam'nyumba muno ndani. M'zaka za m'ma 1990 Edzi itatipulula, nyumba zambiri zinalandira ana a abale, ndipo mpaka lero n'zosowa kupeza khomo lopanda mwana wa malemu achemwali kapena wa malemu achimwene. Mwana wotere amamva zambiri zimene akuluakulu saganiza kuti akumva. Amaona amene wagulidwira nsapato poyamba, amaona amene watumidwa kumsika pamene wojambula wafika. Mukamuimika pakati pa anzake, dzanja la bambo lili paphewa pake, chithunzicho n'kukhala pakhoma pamene mlendo aliyense achiona, mwamuuza zimene pakamwa simukanatha kunena. Adzachoka ngati anzake onse, koma adzachoka akudziwa kuti ali ndi kwawo. Ndipo ambiri mwa ana amenewa alibe ngakhale chithunzi chimodzi cha owabereka. Funsani aliyense wa iwo amene lero ndi bambo kapena mayi ngati sangapereke mbuzi kuti aone nkhope ya mayi ake kamodzi kokha.

Kwa otsala pakhomo ntchito ya chithunzichi ndi ina. Nyumba imene inali ndi phokoso la ana ikakhala zii, mayi amasesa pabalaza m'mawa akudutsa pamaso pa ana ake onse, ndipo amawatchula mayina popemphera akuwaona. Kwa wochoka, kachithunzi kokwana m'chikwama kamamukumbutsa m'kachipinda ka lendi ku Johannesburg kuti pali anthu amene akudikira uthenga wake. Nanga zidzukulu zobadwira ku Manchester kapena ku Cape Town, zimene Chichewa chake ndi cha moni yekha? Zikadzabwera kumudzi n'kupeza pakhoma mnyamata wa makutu ngati awo, wa mpata kumano ngati wawo, zidzakhulupirira zokha kuti magazi ndi amodzi popanda wozikakamiza.

Wina anena kuti pepala nalonso limawonongeka. Zoona. Chiswe chimadya, chinyontho chimamata zithunzi mu alubamu, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe ndi zonse zinali m'katimo. N'chifukwa chake simutsukitsa chimodzi. Tsukitsani cha pakhomo, cha mwana aliyense, china chipite kwa mwinimbumba. Madzi sangalowe m'nyumba zisanu ndi ziwiri tsiku limodzi. Cha m'fonicho chisungeni ndithu, chithandiza kutsukitsanso china chikatayika, koma musachiyese nkhokwe. Za ndalama musandiuze, pakuti m'matauni mwathu ndi m'maboma muli malo otsukira zithunzi kuchokera m'foni, ndipo mtengo wa chimodzi sufika pa zimene timawononga pa mayunitsi mlungu umodzi. Chimene chimatilepheretsa ndi mawa. Tidikire nyumba ithe kupakidwa penti, tidikire bambo agule suti, tidikire wa ku Joni abwere. Wa ku Joniyo akadzabwera mudzajambulitsa china. Jambulitsani ndi amene alipo, kutsogolo kwa nyumba yomweyo ya njerwa zosapaka, chifukwa ana akadzakula adzafuna kuona khomo lenileni limene anakuliramo, ndi mtondo uli apo, ndi galu amene anakana kuchoka.

Amayi, inunso lowanimo. Nthawi zambiri wojambula akafika mumati muli kukhitchini, mwanunkha utsi, simunamange tsitsi, ajambule anawo. Zotsatira zake alubamu yonse mumapezeka kamodzi, pa tsiku la ukwati wanu, muli mtsikana amene ana anu sanamuonepo. Iwo akufuna mayi amene akumudziwa, wa chitenje cha tsiku ndi tsiku.

Chithunzicho chikabwera, chitembenuzeni mulembe kumbuyo ndi pensulo, popeza inki imalowerera n'kuwononga nkhope. Lembani chaka, mudzi ndi mfumu yaikulu, kenako mayina kuyambira kumanzere. Mayina enieni, onse. Kwathu kuno mayi akangobereka dzina lake limakwiririka, amasanduka amake a uje, kapena Nabanda, kapena Naphiri, mpaka zidzukulu zimakula osadziwa kuti agogo awo anali ndi dzina lawolawo. Bambo nawonso timangowatchula ndi mfunda, ndipo a Phiri m'mudzi umodzi alipo khumi. Lembani dzina la ubatizo, la kuubwana ngati akulolani, ndi la kumene anachokera. Khanda limene lili m'manjalo mulilembenso, pakuti makanda amafanana, ndipo pakapita zaka 30 abale adzakangana kuti anali ndani.