Musamuonjezere Asilikali Chelmsford

Kuli anthu, makamaka ku Britain ndi ku America, amene amasonkhana pa tebulo lalikulu, naumbapo timapiri ndi timitsinje, nandandalika tizidole ta asilikali, kuti amenyenso nkhondo zamakedzana pochita mayere ndi kuyeza mitunda ndi kandodo. Masewerawa sanayambe dzulo, pakuti mu 1824 msilikali wina, Reisswitz, anawaonetsa kwa akuluakulu a nkhondo a ku Prussia, ndipo H. G. Wells anasindikiza malamulo ake mu 1913. Koma pakati pa osewera pali chizolowezi chimene sindingachikhalire chete, ndicho kukonza nkhondo yakale kuti mbali ziwirizo zilingane mphamvu.

Taonani za nkhondo ya ku Isandlwana. Pa 22 Januwale 1879, ankhondo a Cetshwayo, mfumu ya Azulu, okwana ngati 20,000, Ntshingwayo ali patsogolo, anagwera msasa wa Angelezi momwe munali anthu ngati 1,800, napha oposa 1,300. Anatero chifukwa Lord Chelmsford, mkulu wa asilikali a Angeleziwo, powapeputsa, anagawa gulu lake pawiri, nasiya msasa wopanda linga ngakhale mpanda wa ngolo. Ndipo Azuluwo, atabisala m'chigwa cha Ngwebeni, anauzinga ndi magulu awo awiri a m'mbali, otchedwa nyanga. Tsono wokonza masewera, pomvera chisoni mnzake amene wagwira mbali ya Angelezi, amamuonjezera asilikali, kapena kumulola kumangiratu linga, namati wachita chilungamo. Ameneyu wayeza ndi muyeso wonyenga, popeza walanda Azulu chipambano chimene anachigula ndi nzeru ndi mwazi wawo, nakwirira kudzikuza kumene kunagwetsa Chelmsford. Nanga akafika pa Ulundi, pomwe mu Julaye chaka chomwecho Angelezi anaima mothithikana ndi mizinga ndi mfuti za Gatling, kodi Azulu adzawagawirako mfutizo?

Ena adzati: ndani angachezere pa tebulo usiku wonse akudziwa kuti agonja? Dandaulo limeneli n'lomveka, ndipo sindilinyoza. Koma wofuna mbiri yoona pamodzi ndi magulu olingana akumbukire kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Asilikali akhale monga analiri, mtunda ukhale monga unaliri, ndipo chosintha chikhale kaweruzidwe kokha. Wogwira mbali ya Angelezi ayesedwe wopambana ngati alimbikira nthawi yoposa ya eni nkhondo, kapena ngati aolotsa anthu othawa ochuluka pa mtsinje wa Buffalo. Wogwira mbali ya Azulu asatamandidwe pokhapokha atalanda msasa wosataya anyamata ambiri monga anatayira Ntshingwayo. Pakhalenso nkhoswa, monga anakonzera Reisswitz, yobisa komwe kuli adani, pakuti wosewera wa lero amadziwa za Ngwebeni pomwe a mumsasa sanadziwe. Akatha, asinthane mbali, amenyenso.