Foni imawerenga, koma mwana amamumva ndani?

M'minibasi ya ku Mangochi bambo wina anandionetsa foni yake monyadira. Akuti mwana wake wasiya kupita ku madrasa chifukwa Qur'an yonse, majuzu 30 ndi masura 114, ili m'menemo. Nkhaniyi ikundiwawabe mumtima.

Foni sindidana nayo ayi. Mu 1961 Shehe Mahmoud Khalil al-Husary wa ku Egypt anajambulitsa Qur'an yonse, ndipo lero mwana wa ku Namwera akumva mawu omwewo ali pakhonde. Mapulogalamu ena amabwereza aya imodzi kangapo mpaka mwana ailoweze. Agogo athu, omwe ankalemba pa ubao n'kufufuta akaloweza, akanawona zimenezi akanathokoza Mulungu.

Koma kodi mwanayo akamabwereza, akumumva ndani? Chiarabu chili ndi zilembo 28, ndipo zina zimatulukira kukhosi komwe lilime la Mchewa kapena Myao silinazolowere. Mwana angathe kumvetsera shehe tsiku lonse, iye n'kumatchulabe molakwika osadziwa. Mwalimu amakhala naye pamkeka, maondo kugundana, amamuyang'ana pakamwa n'kunena kuti, "Ayi mwanawe, bwereza." Amadziwanso tsiku lomwe wabwera ndi njala, tsiku lomwe sanagone bwino. M'mera mpoyamba. Cholakwa chikakhwima pa lilime, kuchichotsa ndi ntchito ya zaka.

Ndipotu Qur'an inatifika kuchokera pakamwa kupita kukhutu. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, ankaibwereza ndi mngelo Jibril mwezi wa Ramadan uliwonse. Mpaka lero ijaza, yomwe ndi chilolezo chophunzitsa ena Qur'an, imaperekedwa kwa amene wawerenga pamaso pa shehe, sheheyonso ali ndi wake yemwe anamumva.

Apa pandikumbutsa dandaulo langa lakale. Ndalama ya bando sisowa m'nyumba zathu, koma likafika tsiku lopereka kangachepe kwa mwalimu, aliyense wasanduka mmphawi. Timati adzalipidwa kumwamba, ngati kuti ana ake sadya. Tikuwadziwa amwalimu omwe anasiya madrasa n'kupita kukafuna maganyu ku Johannesburg. Inu mungawadzudzule?

Njira ndi yosavuta. Mwalimu asankhe aya, aitumize pa WhatsApp ya makolo, mwana amvetsere madzulo kunyumba, mawa akawerenge pamaso pake. Makolo anzanga, foni gulani ngati mungathe, koma mwana abwerere ku madrasa, ndipo mwalimu mumulipire mwezi uno usanathe.