Cibwibwi Si Nthabwala

Inu acinyamata a m'magulu a mpingo, kuyambira ku Chinyunyu mpaka ku Mpanshya, tiyeni tikambirane za masewero athu. Masiku ano gulu likakonza sewero, wina amajambula pa foni, ndipo dzuwa lisanalowe kanemayo wafika kale pa WhatsApp. Koma taonani amene timampatsa cibwibwi m'masewerowa: ndi wanchito wopusa, cidakwa, kapena mbala imene yagwidwa m'munda wa eni. Akangoyamba kuti "ndi-ndi-ndine", chalichi conse cafa ndi phwete.

Mudzati ndi kungoseketsa anthu cabe. Nanga mnzanu wakhala pa benci ya kumbuyoyo akuseka? Pa anthu akulu 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi cibwibwi, ndipo amuna ndiwo ambiri. Ciyambi cake si ufiti, si bodza, si mantha. Kawirikawiri cimayenda m'banja. Iye akaona kanema wanu, Sondo yotsatira sadzaimirira kuwerenga mau, ndipo popemphera mokweza adzangoti zii. Mwamtseka pakamwa ndinu.

Ena akugwiritsa nchito kamera mwanzeru. Ku America kuli woimba ndiponso wolemba ndakatulo amene amalemba dzina lace kuti JJJJJerome Ellis, cifukwa dzinalo ndilo limamgwira lilime kopambana. M'caka ca 2021 anatulutsa cimbale cochedwa The Clearing, ndipo pojambula sanadule malo amene mau anamkanira. Womvera amadikira naye limodzi, ndipo kudikirako ndi mbali ya nyimbo. Filimu ya 2010 yochedwa The King's Speech inaonetsa mfumu George VI ya ku Britain ikulimbana ndi cibwibwi pamaso pa mtundu wonse, koma opanga filimuyo sanaisandutse citsiru.

Tsegulaninso Baibulo pa Eksodo 4. Mose anadandaula kuti lilime lace ndi lolemera, ndipo ambiri amati cinali cibwibwi. Mulungu sanamcotse pa nchito. Anampatsa Aroni kuti amthandize, koma ndodo inakhalabe m'dzanja la Mose. Kodi inu mukanamlola Mose kupereka zilengezo pa Sondo?

Tsono citani izi. Cotsani wacibwibwi wabodza m'masewero anu. Ngati m'gulu muli wacibwibwi weniweni ndipo afuna kusewera, mpatseni malo a mfumu, mphunzitsi kapena mneneri. Akaima pa liu, musammalizire, musayang'ane pansi, ndipo wogwira foni asadule. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa 22 Okutobala ciyambire 1998, maiko amakumbukira anthu acibwibwi. Gulu lanu likonze kanema wa tsikulo, ndipo mnzanu wa pa benci ya kumbuyo uja alankhule mpaka atamaliza yekha.