Mpingo Umene Sumuperekeza Mwana Usamuweruze

Nkhani ya mtsikana uja amene akuluakulu a mpingo wina wa chipentekoste anamuimika pamaso pa anthu ndi kumuchotsa m'gulu la oyimba, chifukwa cha chithunzi chimene chinayenda pa WhatsApp chomuonetsa atakhala pagome lodzaza mabotolo paphwando la kuntchito kwake, yandiwawa mumtima kotero kuti kukhala chete kungakhale kuvomereza. Sanamufunse chimene anamwa, kapena chimene bwana wake akadamchitira akadakana kupitako. Anaona botolo, nagamula mlandu, naiwala kuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndinena poyera kuti mpingo umene suyenda ndi mwana kuyambira Lolemba kufikira Loweruka ulibe mphamvu yomuweruza Lamulungu. Wachinyamata wobadwa mwatsopano, amene amachezera Lachisanu usiku akupemphera m'malilime kufikira mawu atasasa, ndi yemweyo amene mmawa wa Lolemba amatsika minibasi nakalowa mu ofesi momwe bwana amamunong'oneza kuti kukwezedwa pantchito kumakambidwa kumalo ogona alendo. Ndi yemweyo amene anzake amamutcha "abusa" momuseka akakana kulandira kangachepe. Ndi yemweyonso amene akapita kumudzi azakhali ake amamufunsa kuti adzakwatiwa liti, popeza anzake a msinkhu wake ali ndi ana atatu. Pa zonsezi mkulu wa mpingo sapezekapo. Amatulukira tsiku la chithunzi.

Alipo amene akuti akuluakuluwo anachita bwino, ati mwana wa Mulungu ayenera kudzipatula ku dziko. Awa ndi mawu a anthu okhuta, amene sanagonepo ndi njala chifukwa cha chikhulupiriro. Adzipatule apite kuti? Lendi ya kachipinda kake ku Ndirande adzalipira ndi aleluya? Kodi si inu nomwe amene mumawerenga chakhumi chochokera m'malipiro a ntchito imeneyo kumapeto kwa mwezi, osafunsa ngati ndalamayo yadutsa pafupi ndi botolo? Ndalama ya mwanayo ndi yoyera, koma mpando umene anakhalapo poisaka ndi wodetsedwa! Mumatsegula Baibulo tsiku ndi tsiku, koma mwaiwala kuti Yosefe anasunga chiyero chake ali m'nyumba ya Potifara, kuti Danieli anakana zakudya za mfumu ali kapolo m'nyumba yachifumu ku Babulo, ndi kuti Ambuye mwini ananenedwa ndi Afarisi chifukwa chodya pamodzi ndi amisonkho. Chinyengo chanu chimaonekera apa: munthu wachuma amene mudzi wonse ukudziwa kumene anatenga galimoto yake mumamukhazika mpando wa kutsogolo, pomwe mwana wamasiye wa kwaya mumamuimika ngati mbala.

Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti ambiri mwa oweruzawa ndi ana a chitsitsimutso cha m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata ndi atsikana ankalalikira m'misika ndi m'misewu ya Blantyre, akunyozedwa ndi makolo awo ndi kudzudzulidwa ndi mipingo imene anabadwiramo. Amene analawa manyazi otere anayenera kukhala oyamba kuchita chifundo. Ndiponso dziko lino linaona kale kumene kulondera maonekedwe a akazi kumathera: lamulo la 1973 loletsa mathalauza ndi masiketi aafupi linachotsedwa mu 1993, komabe mu 2012 amayi anavulidwa poyera m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Mtima umene unavula amayi aja ndi womwewo umene waimika mtsikanayu paguwa, kungoti tsopano wanyamula Baibulo.

Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18, ndipo khamu limeneli likubwera kudzasaka ntchito m'malo omwewo a mayesero. Mpingo umene sudzawaperekeza kumeneko usadzadabwe akadzaphunzira kukhala ndi nkhope ziwiri, ina ya m'kachisi ndi ina ya pafoni, pakuti wawaphunzitsa wokha kuti tchimo ndi kujambulidwa.

Akuluakulu aja amubwezere mtsikanayo malo ake, ndipo apepese pa guwa lomwelo limene anamchititsirapo manyazi, anthu onse akumva. Akatero, mmodzi wa iwo akhale naye pansi, amufunse zimene amakumana nazo kuntchito, ndipo ngati alipo bwana womuvutitsa, mkuluyo avale jekete lake akagogode yekha pakhomo la bwanayo.