Lekani Kuseka Chithandizo cha pa Foni, Mowa Ukutimaliza

Abale anzanga okhala kunja kuno, ndatopa nawo mawu oti "mwamuna salira". Tikamva kuti madokotala ena akuyesa kuthandiza anthu ovutika maganizo kudzera m'mauthenga a pa foni, timaseka n'kumati ndi za azungu. Koma ife amene tikusekafe tapereka chithandizo chanji?

Taganizani za m'bale amene anaona ziwawa za mu May 2008 ku South Africa, zomwe zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Kapena mayi amene anataya abale ake pa namondwe wa Freddy mu 2023, iye ali kutali, osatha ngakhale kukaponya dothi kumanda. Ena mwa anthu otere amalota zoopsa, amadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, ndipo tulo sabwera. Madokotala amati ndi PTSD. Munthu amamwa kuti agone, koma mowawo umasokoneza tulo, mantha amabwerera, ndiye amamwanso. Malangizo a ku Britain amati mowa usapitirire mayuniti 14 pa sabata, pafupifupi mapainti 6. Angati mwa ife amamaliza amenewo Loweruka lokha?

Mauthenga a pa foniwa si matsenga. Amakumbutsa munthu kuwerenga mabotolo amene wamwa, kuzindikira chimene chamudzutsira mantha, ndiponso kusathawa malo aliwonse omukumbutsa zakale. Njirazi n'zomwe alangizi amaphunzitsa pamaso m'pamaso. Kusiyana kwake n'kwakuti uthenga umamupeza munthu kuchipinda kwake, atangoweruka ntchito ya usiku, popanda womuona pamzere wa kuchipatala n'kukanena kutchalitchi.

Ena akuti munthu sangachire ndi SMS. Ndikuvomera kuti uthenga sulowa m'malo mwa dokotala. Ndipo amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa akhoza kukomoka, ngakhale kufa kumene; ayambe waonana ndi dokotala. Komatu fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene sangapite kwa mlangizi chifukwa cha manyazi, ndalama kapena mapepala, foni ali nayo m'thumba.

Enanso akuti tingopemphera basi. Pempherani ndithu, koma wodwala malungo timamupempherera uku akumwa mankhwala. Bwanji wodwala maganizo timamumana zonse ziwiri?

Zinthu zikafika pothina, kuli anthu enieni oyankha mauthenga usana ndi usiku. Ku Britain lembani SHOUT ku 85258. Ku America tumizani uthenga ku 988. Ku South Africa funsani bungwe la SADAG.

Timafulumira kusonkha ndalama zotumizira chitanda kumudzi, koma timachita manyazi kufunsa mnzathu akadali moyo kuti, "Achimwene, mukumagona bwanji masiku ano?" Mufunseni lero, ndipo mumutumizire nambala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.